Malo a ku Bembeke: tisonkhe tigule, kapena tikonze kwathu ku Chipoka?

Achimwene a ku Lilongwe: Abale, kufupi ndi Bembeke kukugulitsidwa malo, ekala imodzi ndi theka. Pali kanyumba ka njerwa zootcha ndi mitengo ya mapichesi. Zithunzi ndi mtengo wa malowo ndakutumizirani kale, mwaziona. Ine ndimati tisonkhe tigule, tikhale ndi kokapumulira, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene ku Chipoka munthu umagona pakhonde chifukwa cha thukuta. Mukuti bwanji?

Chitsirizira: Ine ndavomera kale. Zithunzizo zokha zandizizira mtima. Kulibenso udzudzu.

Achemwali a ku Dedza: Wakuuza ndani kuti kulibe? Ulipo, kungoti sufika pa wa kunyanja. Neti timagonamo ndithu. Koma achimwene, inu mudabwera kuno mwezi wanji?

Achimwene a ku Lilongwe: Sabata yatha.

Achemwali a ku Dedza: Ndiye mwaona Dedza ali pa ulemu wake. Mubwere mu Juni kapena Julaye. Boma lenileni lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza likupitirira 2,000, ndipo ku Bembeke kumazizira kosachita kufunsa. Nkhungu imatha kugwa m'mawa osaona nyumba ya neba. Zovala ukachapa zimagona pachingwe. Ana anga a sitandade 1 amafika m'kalasi milomo itang'aluka, pensulo osatha kuigwira mpaka dzuwa litakwera. Ife a kunyanja, amene mwera ukangowomba timati kwazizira, chisanu cha kuno ndi nkhani ina. Ndalama ya makala a mbaula ndi mabulangete muiwerengeretu.

Chitsirizira: Nanga si tizipita nthawi yotentha yokha?

Alamu: Funso langa lagona pomwepo. Miyezi ina yonseyo m'nyumbamo muzikhala ndani? Nyumba yopanda munthu imatha msanga kuposa yogonamo. Chiswe chimalowa, wina amadzazula chitseko, wina malata. Ndiye pafunika mlonda wa mwezi ndi mwezi. Magetsi afikako? Madzi ndi a pamjigo kapena pachitsime? Pachithunzipo sindikuona waya aliyense.

Achimwene a ku Lilongwe: Mjigo uli pafupi. Magetsi tiika sola. Ndipo alamu musaiwale kuti malowa si ogona chabe. Kachewere amalola kumeneko, kabichi, nsawawa, nyemba. Woyang'anira akhoza kumalima, zokolola n'kumamulipira. Taonani mulu wa mbatatesi ndi tomato umene umakhala pa Bembeke ndi pa Lizulu, zonsezo zimathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchoka mu tauni kufika pa Dedza ndi makilomita 85 okha pa M1. Lachisanu ukaweruka, ukafika kusanade.

Alamu: Kachewere amadya feteleza ndi mankhwala opopera, si chinangwa chongozika n'kuiwala. Ulimi wa pafoni tidauona kale mathero ake.

Malume: Ana inu, ndawerenga zonse. Za kuzizira ndi za mbatatesi zisakutayitseni nthawi. Ndiuzeni, akugulitsayo ndi ndani pamalopo?

Achimwene a ku Lilongwe: Ndi bambo wina wake, akuti ndi malo a makolo ake. A mfumu akudziwa.

Malume: Makolo ake a mbali iti? Madera ambiri kumeneko, monganso kwathu, munda umayenda ndi mbumba. Mwamuna akhoza kulima pamalo zaka makumi awiri koma ali mkamwini, malowo ndi a akazi ake ndi abale awo. Kapena ndi mwini mbumba ndithu, koma alongo ake ndi ana awo sadawafunse. Inu mupereka ndalama, a mfumu asaina, mumanga mpanda. Bamboyo akadzatsikira kuli chete, adzukulu adzatulukira kuchokera ku Joni n'kunena kuti malo a agogo athu sitidagulitse. Milandu yotere ndaikhalirapo pabwalo yambiri, ndipo wobwera sapambana kawirikawiri. Mukafuna kugula, pakhale alongo ake onse, asaine pamaso pa a mfumu ndi a gulupu, malire muyende nawo ndi eni minda yoyandikana. Mukatero mupite ku ofesi ya zamalo pa boma. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidabweretsa makomiti a zamalo ndi kalembera, mukafunse kuti pamalopo zikuyenda bwanji musanatulutse ngakhale tambala.

Achemwali a ku Dedza: Malume anena zoona. Komanso mufunse bwino malire, chifukwa mbali zina kuno ukangodumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique.

Chitsirizira: Koma abale, kwathu kuja kukutentha chaka ndi chaka. Ine Khirisimasi yokhala pansi pa mtengo wa mango ndikudzikupiza ndi katoni yanditopetsa. Ku Dedza anawa tikawaonetsa zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, zija UNESCO idaziika pa mndandanda wake mu 2006, tikwera phiri, tikaona zoumba ku Dedza Pottery.

Alamu: Zonsezo ungazione utalipira chipinda masiku awiri. Ndalama yotsalayo tikanaika siling'i ndi mawindo akuluakulu kunyumba ya amayi ku Chipoka, kutentha kukanachepa. Ndiponso amayi mukuganiza angalole kukakhala kopanda usipa wauwisi?

Malume: Alongo anga aja? Atapita kukaona mdzukulu ku Dedza adabwerako msangamsanga, ati mafupa akuwawa ndipo nsomba za kumeneko n'zouma zokhazokha.

Achimwene a ku Lilongwe: Sindikuti asamuke. Ndipo si kutali. Ukatsika Khwekhwelere wafika pa Golomoti, kukhotera M5, kudutsa Mua, basi uli ku Chipoka. Chambo chikhoza kukwera phiri tsiku lomwelo.

Achemwali a ku Dedza: Chitani chonchi. Bamboyo mumuuze adikire. Loweruka ndipita ndi mnzanga wa kumpingo amene kwawo ndi komweko, akandilozere alongo akewo ndimve pakamwa pawo. Inu achimwene mudzagone m'kanyumbako mu Julaye, mudzatiuze.

Achimwene a ku Lilongwe: Akuti pali wina wa ku Blantyre akufunanso, sadikira mpaka Julaye.

Malume: Wa ku Blantyre ameneyo sasowa pa malonda alionse a malo. Iwe pita Loweruka, ndalama ya minibasi ndikutumizira.