Namondwe wafooka koma Ruo sanaphwe: ndalama za ku Joni zigwire ntchito yanji?

Mlembi: Abale, a zanyengo akuti namondwe uja wafooka atalowa kumtunda. Ndalama zomwe anzathu a ku Johannesburg asonkha zafika. Ena akuti tifolere sukulu. Mukuti bwanji?

A Injiniya: Denga lidikire. Yatha ndi mphepo, madzi ali m'njira. Namondwe akasiya nyanja amafooka poti sakupezanso chinyontho cha madzi ofunda, koma mitambo yomwe wasenza imakakhuthukira pa Mulanje ndi Thyolo. Madziwo amatipeza mochedwa, mwina dzuwa likuswa mtengo. Ruo akadzaza amatchinga Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'dambo, Makhanga n'kumira. Freddy mu 2023 anali atafooka kale pomwe matope ankatsika m'phiri la Soche. Tigule matumba, titseke pomwe khoma lotchinga madzi linagumuka paja, sabata ino.

Malume a ku Joni: Khoma lomwelo tinasonkhera simenti mu 2022. Malisiti ali kuti?

Msungichuma: Malume, nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga. Funsani komiti yakale.

A Injiniya: Simenti pa dothi lonyowa n'kutaya ndalama, madzi amafukula pansi khoma n'kugwa lonse. Thumba muthire mchenga theka kapena kupitirira pang'ono. Lodzaza thothotho silikhazikika, limasiya mipata. Osamanga kukamwa, mungopinda n'kutsamiritsa pansi. Yalani ngati njerwa, lapamwamba litseke polumikizana awiri apansi, mzere uliwonse muupondeponde. Pansi patambalale katatu kuposa msinkhu: khoma la mita imodzi, pansi mamita atatu. Mukaona madzi amatope akutumphuka kuseri, dothi likudyeka mkati. Musatseke kasupeyo, muzungulize matumba, ndipo anthu achoke. Matumbawa amafumbwa ndi dzuwa pakapita miyezi, ndiye chilimwe tiike mabasiketi a waya, miyala yake yoposa maso a wayayo, m'mbali tidzale vetiva.

Mayi a ku Area 25: Achimwene, zitsime nanga? Zimbudzi zikasefukira kolera sachedwa. Patulaniko ya klorini. Dilawo yomwe inamira isamwedwe mpaka aipope ndi kuithira mankhwala.

Malume a ku Joni: Komiti yakale ndi anthu omwewa. Popanda malisiti, kuno sititumizanso kanthu.

Aphunzitsi: Sukulu yomweyo ndi pomwe anthu amathawira. Opanda denga agona pati?

A Injiniya: Apo mwanena, aphunzitsi, koma sukuluyo ili m'munsi mwa msewu. Chotchipa ndi ichi: mtengo pa doko, penti wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba. Anyamata awiri aziwerenga maola atatu aliwonse, usiku womwe, ali ndi tochi ndi wenzulo. Madzi akafika pachikasu, okalamba, ana ndi mbuzi zinyamuke.

Mlembi: Tivote mawa madzulo?

Malume a ku Joni: Malisiti kaye.

Msungichuma: A Injiniya, matumbawo ndi angati? Ndipo mchenga atuta ndani, ngolo sizikudutsa?