Kindle kapena Kobo, yowerengera usiku magetsi akathima?

NaChisale_Zomba:
Abale ndithandizeni nzeru. Ine ndimakonda kuwerenga manovelo usiku mwana akagona koma pa foni maso amandiwotcha mpaka misozi, komanso ndikangoti ndayamba kukoma nayo nkhani WhatsApp yalira, basi ndapita kumeneko buku ndaliiwala. Magetsi akathima nde ndimayambanso kuumira batire kuti ifike mawa. Kandulo mu neti sindingayerekeze. Achimwene akubwera Disembala kuchokera ku Joni ndipo akuti ndisankhe Kindle kapena Kobo, timakina towerengera mabuku tija, ine kusiyana kwake sindikukudziwa. Kodi zimawerengeka mumdima weniweni, wa bii uja? Bambo akunyumba tochi anandiletsa kale ati imawasokoneza tulo. Ndilinso ndi ma PDF akusukulu ambirimbiri.

Kabaza_Wophunzira:
Achemwali choyamba muwauze achimwenewo kuti ikhale ya layiti, musatengere kutchipa. Ine zinandionekera, ndinagula Kindle yakale kwa munthu wina mtauni, masana pa shopu imaoneka bho ngati pepala lenileni, kufika kunyumba usiku ndi kuifufuza paliponse pokanikiza kuti iwale, ayi ndithu. Zakalezo zilibe layiti, ukazimitsa nyale nayonso yazima ngati buku wamba, mpaka ndinkaiunikira ndi tochi ya foni yomwe ndimaithawa ija kkkk. Pa ma Kindle, yotchedwa Paperwhite ndi imene inayamba kubwera ndi layiti mu 2012, Kindle wamba yotchipa ija anaiyika layiti mu 2019, nde ikakhala ya kaunjika funsani chaka chake.

Za maso zo, sikirini yake siili ngati ya foni. Foni imakuwalira kumaso kuchokera kumbuyo kwa galasi, pomwe iyi timagetsi take tili m'mphepete timaunikira tsambalo ngati mmene nyale imaunikira pepala. Ukaitsitsa kwambiri mnzako pambali samva kanthu, ine mayi akunyumba amachita kuliza mkonono ndili pa chapita 12. Batire nayo imadya kwenikweni ukamatembenuza tsamba ndi layitiyo basi, ukazimitsa wifi umatha masabata osaiona chaja.

Mphunzitsi_wa_kuDedza:
Zomwe anena akuluwa nzoona koma pa ma PDF po ndikuchenjezeni musadzatukwane achimwene anu. PDF nthawi zambiri imakonzedwa kukula kwa pepala la A4, kasikirini ka mainchesi 6 kapena 7 kamaifinya zilembo kukhala ngati nyerere, ukati ukulitse umangokhalira kukankha tsamba uku ndi uku ndipo makina amenewa ngochedwa, amaphethira kaye asanasinthe. Ine manotsi a ma tebulo ndi zithunzi ndinabwerera nawo pa laputopu. Manovelo nde eee, zilembo umakulitsa mmene ukufunira, amayi anga amawerenga Baibulo pamenepo osavala mandala.

Ine ndili ndi Kobo Clara. Ndinaikondera kuti ma EPUB, mtundu wa mafayilo a mabuku, umangolumikiza kebulo pa kompyuta nkuponyamo ngati pa fulashi, osafuna bandulo. Kindle nayo masiku ano imalandira EPUB koma umadutsira pa Send to Kindle, njira yawo yotumizira mafayilo, zofuna intaneti, apo ayi uike pulogalamu ya Calibre pa kompyuta, ndi yaulere, izikusinthira mafayilowo. Kugula mabuku mu sitolo zawozo pamafunika khadi yolipirira kunja, nde ndi mmene forex ikuvutiramu ine ndimangotenga aulere pa webusaiti ya Project Gutenberg, akalekale aja alipo osatha. A Chichewa okha musayembekezere kuwapeza ambiri kumeneko.

Aunt_aKuLeeds:
Chinthu chimodzi sanatchule, tengani yoti layiti imasintha kukhala yachikasu. Yoyera mbee ija mumdima imatopetsabe olo itakhala ya m'mphepete. Paperwhite kuyambira ya 2021 ili nayo, ndiponso imachajidwa ndi USB-C ngati mafoni apanowa, layiti yachikasuyo a Kobo amaitcha ComfortLight PRO. Kindle wamba ilibe yachikasuyo. Ya sikirini yoonetsa mitundu ija musakopeke nayo, tsamba lake limakhala loderapo nde umakakamizika kukweza layiti, ndalamanso zambiri, pa manovelo palibe chimene mupindule. Ndipo kava asaiwale chonde, galasi lamkati silichedwa kusweka, yanga yoyamba mdzukulu anaikhalira pa sofa inangotuluka mizere basi.

NaChisale_Zomba:
Zikomo nonse, ma PDF ndizingolimbana nawo pa laputopu ya kuntchito. Ndawatumizira achimwene kuti Paperwhite kapena Clara iliyonse apeze yotsika mtengo bola ya layiti yachikasu ndi kava, ayankha kuti nanga ma duveti aja asiye? kkkk. Koma a Kabaza funso lina, tizilombo touluka tija timalowa pa neti pobooka, sitimathamangira pa sikirini ngati timachitira pa foni?

Kabaza_Wophunzira:
Timabwera ndithu, kamodzi kanatera pakona nkunditembenuzira tsamba ndili pakati pa chiganizo. Tsitsani layiti, netiyo musoke.