Ndikatsika pa Park Station ndilowere kuti?

Mayi a Shakira (Mangochi Boma): Asalaam aleikum abale nonse. Ndili ndi kashopu pano pa msika wa Boma, ndimagulitsa zovala za amayi, makatani ndi mabulangete. Zaka zonsezi ndakhala ndikupikula ku Limbe, koma mwezi wamawa ndikufuna ndibwere ndekha ku Joni kuti katundu afike Eid isanakwane. Pasipoti ndatenga kale. Chikundisowetsa tulo ndi chakuti sindikudziwa kolowera ndikatsika basi pa Park Station, depoti yaikulu ya ku Joniko. Mpamba wake ndi wa banki mkhonde, sindifuna ukathere m'manja mwa akuba.

Bambo a Yusufu (Mayfair, kwathu Namwera): Waaleikum salaam achemwali. Tsiku lofika musagule kanthu. Munthu wakhala m'basi kuchokera ku Mwanza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mutu sugwira bwino, ndipo anyamata a pa Park Station mlendo amamuzindikira ndi kayendedwe. Wina akathamangira chikwama chanu kuti akunyamulireni, kanani. Gonani kaye kwa abale. Mawa lake muyende ndi wodziwa tauni, ndalama zitsale kunyumba, mutenge kope ndi cholembera basi. Tsiku limenelo ndi lofunsa mitengo.

Mayi a Halima (Fordsburg, kwathu Malindi): Mabulangete ndi nsapato yambirani ku Dragon City, kuno kufupi ndi ife, kenako mukafike ku China Mall ya ku Amalgam, mumsewu wa Main Reef. Kumeneko mtengo wa chimodzi ndi wina, wa zisanu ndi chimodzi ndi wina, wa katoni ndi winanso. Musamafunse kuti ichi ndi zingati, muzifunsa kuti ndikatenga khumi mundipatsa bwanji. Akulemberani pa kakyuleta, inunso mulembe yanu. Bulangete mulitulutse m'chikwama chake, mulitambasule, muligwire m'mphepete. Lina limaoneka lonenepa likapindidwa koma mukaliyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa.

Bambo a Yusufu: Musaiwalenso ku msewu wa Jeppe, kwa anzathu a ku Ethiopia. Mashopu awo ali m'nyumba zosanja, tizipinda ting'onoting'ono mpaka pamwamba, ndipo kawirikawiri mukakwera masitepe mtengo umatsikako kusiyana ndi pakhomo. Chikwangwani cha msewuwo chimati Rahima Moosa, ndipo cha Bree chimati Lilian Ngoyi, chifukwa maina anasinthidwa. Koma oyendetsa taxi ambiri akadali kunena Jeppe ndi Bree, inunso muzitero.

Che Anganga (Chimwala, ndinabwerera kumudzi): Mwana wanga, nsalu ya makatani, abaya ndi mipango ya kumutu, usasokere kwina, pita ku Oriental Plaza. Ine ndinagwirako ntchito yonyamula mipukutu ya nsalu zaka zambiri. Muli mashopu oposa 300. Malowo anamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la tsankho linathamangitsa amwenye ku Pageview komwe anali ndi mashopu awo, ndipo mabanja ena akugulitsabe mpaka lero, mdzukulu pamalo pa agogo ake. Anthu amenewo nsalu amaidziwa. Ukalowa upereke salaam, unene kuti wachokera ku Malawi ndipo udzabweranso, kunenerera kumayenda bwino. Lachisanu masana ambiri amatseka kupita ku Jumu'a, ndiye ugule m'mawa, iwenso ukaswali. Chakudya cha halaal m'derali sichisowa.

Mayi a Shakira: Zikomo anganga, ndalemba. Nanga Small Street imene ndimaimva ija? Ndi Dunusa?

Mayi a Halima: Small Street ndi kanjira ka anthu oyenda pansi, mashopu uku ndi uku, kamakafika ku Carlton Centre, nyumba yayitali ya nsanjika 50 ija. Madiresi atsopano a atsikana mumawaona kumeneko koyamba, ndiye pitani mukaone zimene zili m'fasho. Koma anthu amathithikana ngati pa depoti. Foni isatuluke. Ndalama muzigawe, zina m'kathumba kosokera mkati mwa siketi, zochepa zokha m'chikwama cha m'manja, ndipo chikwamacho chikhale kutsogolo. Wina akakugwirani dzanja kuti bwerani muone shopu yanga ili kuseriku, musamutsate. Pasipoti yodindidwa bwino ikhale pathupi nthawi zonse.

Dunusa ndi kaunjika, pafupi ndi Park Station pomwepo, milu ya zovala pansi, munthu kuwerama n'kumasankha. Majekete abwino amapezeka. Koma kwa inu ine sindikuona phindu, kaunjika ali kale mbwee pa msika wa Boma, mulipirirenji makilo a katundu amene anzanu akugulitsa pakhomo panu?

Mlongo wa Amina (Germiston, kwathu Makanjira): Pepani akuluakulu ndilowererepo. Ine ndasunga kandalama, ndikufuna kuwagulira mayi firiji ndi TV. Ku mashopu a ma China ndaona zotsika kwambiri kuposa ku Game ndi ku Makro. Ndigule komweko?

Bambo a Yusufu: Mng'ono wanga, imva zanga. Chaka china ndinagula TV yaikulu pa shopu ina m'tauni, yotchipa. Anandiyatsira ya pa shelefu, yowala bwino, n'kundipatsa ina ya m'katoni yomata kale. Lisiti sindinafunse. Inayenda milungu iwiri pa thilela mpaka ku Namwera. Tsiku loyatsa ana a mudzi wonse anakhala pamphasa, bambo anga atavala kanzu yawo yoyera, akudikira. Inangoonetsa mzere umodzi wobiriwira pakati. Bambo sanayankhule kanthu, anangoikuta ndi chitenje, ndipo ili pakona mpaka lero. Ndinabwerera ku shopu ija, anati sakundidziwa. Zimandipwetekabe mumtima. Zamagetsi gula kumene akupatsa lisiti lokhala ndi dzina la shopu ndi tsiku. Lamulo la kuno loteteza ogula limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 ukhoza kubweza, koma wopanda umboni ulankhula ndi ndani? Ndipo uiyatse kunyumba kwako masiku angapo isanakwere ulendo. Ngati sukufulumira dikira Black Friday, tsiku limene mashopu amatsitsa mitengo, kumapeto kwa November.

Che Anganga: Ndipo uyambe wafunsa ngati waya wa ESCOM unafika pa nyumba ya mayi akowo. Ngati sunafike, sola ndi batire ziyambe, firiji pambuyo. Pulagi ya kumeneko ndi ya mano atatu obulungira, yathu kuno ndi ya mano a makona, ndiye uikemo adaputa m'katoni momwemo. Firiji ikafika isayatsidwe pompo, iime chilili tsiku lathunthu mafuta akhazikike.

Mlongo wa Amina: Magetsi sanafike anganga, mapolo ali pa trading centre pokha. Ndiyamba ndi sola.

Mayi a Halima: Achemwali a Shakira, za kanyamulidwe. Gulani zikwama za shangani, muzikulunge ndi tepi, mulembe dzina ndi nambala ya foni mbali zonse ndi cholembera chosafufutika. Kapepala ka zonse zili m'chikwama chilichonse kakhale ndi inu, pamodzi ndi malisiti, chifukwa a MRA pa Mwanza adzafuna kuona. Ndalama ya msonkho muipatule musanayambe kugula. Ambiri amathera zonse m'mashopu, katundu n'kukakhala pa boda. Mukapereka kwa transporter, akhale woti kwawo kumadziwika ndipo ena m'gulu muno anamugwiritsapo kale, mugwirizane pamaso pa mboni ngati mtengo wakewo ukuphatikiza msonkho komanso ngati akukatula pa Boma penipeni kapena pa Liwonde.

Mayi a Shakira: Mwanditsegula maso abale anga, Allah akulipireni. Ndikagula tikiti ndidzanena muno.

Mayi a Halima: Yesetsani mufike Lachitatu, ine Lachinayi sindigwira ntchito, tidzayendera limodzi insha Allah. Muvale nsapato zafulati. Ndipo musananyamuke mukayeze mawindo a makasitomala anu aja ofuna makatani, ku Plaza amadula pa mita.