Class mu Python yandiimitsa mutu, ndiwerenge kuti?

Wongoyamba kumene:
Moni nonse. Ndakhala ndikuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, pandekha kwa miyezi iwiri, ndipo zonse zimayenda mpaka ndafika pa class. Ndinalemba class yotchedwa Wophunzira n'kuika `malikisi = []`, mndandanda wosungiramo malikisi, pansi penipeni pa dzina lake, koma ndikalowetsa malikisi a mwana mmodzi, akumaonekanso kwa ana ena onse. Kodi ndalakwitsa pati, nanga n'kuti kumene ndingawerenge osatha bandulo ndi mavidiyo?

Mlembi wa mapulogalamu:
Achimwene, class muitenge ngati chikombole choumbira njerwa, pamene object iliyonse ndi njerwa yotuluka m'chikombolemo. Chimene mwalemba pansi pa dzina la class n'cha chikombole, kotero mndandanda wanuwo ndi umodzi wokha umene ana onse akugawana. Kuti aliyense akhale ndi wakewake, muulembe mkati mwa `__init__`, imene Python imaiyendetsa nthawi iliyonse pamene object yatsopano ikupangidwa:

```python
class Wophunzira:
    def __init__(self, dzina):
        self.dzina = dzina
        self.malikisi = []
```

Liwu lakuti `self` likuimira njerwa imene ili m'manja panthawiyo, osati chikombole.

Mphunzitsi wa kompyuta:
Pa zowerenga, yambani ndi maphunziro aulere a pa docs.python.org, makamaka mutu 9, umene ukufotokoza za class. Vuto lanu lomweli alisonyeza m'menemo ndi chitsanzo cha agalu awiri amene akugawana mndandanda umodzi mosayenera. Mukhoza kukopera zolemba zonsezo kamodzi n'kumawerenga popanda intaneti. Chingerezi chake n'choumirapo ndithu, choncho chitsanzo chilichonse muchilembe ndi zala zanu, muchisinthe, muone chimene chichitike.

Chenjerani ndi maphunziro akale a Python 2, imene eni ake anasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Mukaona `print` yopanda mabulaketi, dziwani kuti tsambalo n'lakale.

Mlembi wa mapulogalamu:
Ndionjezepo pang'ono, kuopa kuti mungaganize kuti kulemba pansi pa dzina la class n'kulakwa nthawi zonse. Chinthu chimene ana onse ali nacho chimodzimodzi, monga dzina la sukulu yawo, malo ake ndi pomwepo.

Wongoyamba kumene:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndasamutsira mndandandawo mu `__init__` ndipo mwana aliyense tsopano ali ndi malikisi ake. Mutu 9 ndiuyamba usiku uno, ndikakafika pa inheritance, pamene class imatengera zinthu za class ina, ndibweranso.