Kodi msewu wa ku Lilongwe unachoka liti m'Zomba muno?

Wakuchinamwali:
Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene labadwa pa mtsutso wa ine ndi bambo anga aakulu. Iwo akunenetsa kuti kale munthu wochokera ku Blantyre popita ku Lilongwe ankadutsa mkati mwa Zomba, pomwe ine chikulire changa ndimangodziwa kuti mabasi a ku Lilongwe amadzera ku Zalewa. Kodi unasamuka ndi msewu weniweniwo, kapena anangosintha nambala? Nanga mayina a Three Miles ndi Four Miles, amene tonse timawatchula tikakwera minibasi, anawerengedwa kuchokera pati, popeza msewu wathu waukulu wa M3 suyambira kuno?

Mphunzitsi wopuma, Domasi:
Mwana wanga, bambo anu aakuluwo sakunama. Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975, ndipo kumene kuli boma n'kumene misewu imalunjika. Msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba unalambulidwa m'zaka za m'ma 1890, pamene atsamunda ankafuna kulumikiza amalonda a ku Blantyre ndi maofesi awo a m'tsinde mwa phiri. Titalandira ufulu, njira yodalirika yopita m'chigawo chapakati inali yomweyi: Limbe, Namadzi, Thondwe, Zomba, Domasi, kukawoloka Shire pa Liwonde, kenaka Balaka, Ntcheu ndi Dedza.

Msewuwo sunasunthe ayi, ulipobe pomwe unali. Chimene chinachitika n'chakuti njira yodzera ku Lirangwe ndi Zalewa, imene ili yachidule, inakonzedwa bwino, ndipo lero ndiyo imatchedwa M1. Wathu uno ndi M3, umene umachokera ku Blantyre, kudutsa kuno, kukafika ku Liwonde ndi ku Mangochi. Wofuna kutsata mapazi a bambo anu aakulu akafika pa Mangochi Turn-off asakhotere kunyanja, koma atenge M8 wodzera ku Balaka, akakumana ndi M1 pa Chingeni.

Za mamailosi zija, anthu ankawerengera kuchokera pa boma, chifukwa kwa iwo ulendo unkathera pamenepo. Dzikoli linasiya mamailosi n'kuyamba makilomita, koma kondakitala amene angakuwe kuti akutsitsa pa makilomita asanu palibe amene angamumve.

Nachisale wa ku Matawale:
Zikomo aphunzitsi, koma ndikupempha kuwonjezapo pang'ono, chifukwa mwafotokoza ngati kuti msewu wa Zalewa wokha ndiwo unatilanda magalimoto. Ine ndikuona kuti kusamuka kwa likulu ndiko kunayamba, msewu unangotsatira. Maunduna atapita ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake Nyumba ya Malamulo nayonso itachoka, mkulu wa boma wochokera ku Blantyre analibenso chifukwa choimira m'Zomba.

Komanso kumapeto kwa msewu pa pepala n'kosiyana ndi kumapeto kwake m'maganizo a anthu. Tengani msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, umene unatenga zaka zambiri kuti amalize kuuthira phula. Dzina lake limayamba ndi Zomba, koma sukafika pa depoti. Umapatuka pa M3 cha kuno kwathu n'kulowera ku Air Wing, ku bwalo la ndege za asilikali. Pamene unali wafumbi, ambiri opita ku Phalombe ankalolera kuzungulira njira ina nthawi ya dzinja. Phula litabwera, pamphambano pathu panasanduka siteji yeniyeni, akabaza ndi ogulitsa malonda anadzaza, ndipo kwa munthu wa ku Jali tawuni tsopano imayambira pomwepo.

Dalaivala wakale:
Mayi Nachisale anena zoona. Chitsanzo china chimene anyamata a lero sachidziwa chili pa msewu wa ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Kale kunali misewu iwiri, wina wokwerera wina wotsikira, chifukwa yonse inali yopapatiza moti magalimoto awiri sakanapatukirana pa makona aja. Pomanga damu lalikulu la Mulunguzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, panafunika njira yoti malole onyamula katundu azikwera, choncho umodzi unakulitsidwa kuti uzigwira mbali zonse ziwiri. Winawo sunafafanizidwe, koma magalimoto ambiri anausiya.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi M3 yemweyo. Kuchokera pa chipilala cha asilikali a nthawi ya atsamunda a KAR (King's African Rifles), kudutsa pakati pa tawuni mpaka ku Chinamwali, lole yopita ku Liwonde imalimbirana msewu umodzi ndi ana asukulu, njinga ndi minibasi zoima paliponse. Tsiku limene adzalambule njira yolambalala tawuni, nambala ya M3 idzapita nayo, ndipo gawo lamkatili lidzatsala m'manja mwa khonsolo ya mzinda ngati msewu wamba wa m'tawuni.

Wakuchinamwali:
Ndathokoza nonse. Madzulo ano ndikapepesa kwa bambo aakulu, ndipo ndikawafunsanso ngati anakwerako ku Chawe pa msewu wakale uja.