Zithunzi za mu studio akungozikana ku stock ati noise, pomwe ISO ili pa 100

Studio ya ku Ndirande: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndajambula mayi wa geni ya tomato ndi anyamata awiri ovala za ku ofesi, background ya nsalu yoyera, softbox (nyali yofewetsa kuwala) imodzi kutsogolo, ma flash awiri kumbuyo. ISO 100, f/8, 1/160, RAW (fayilo yosakonzedwa ya mu kamera). Ndatumiza ku stock (ma website ogulitsirapo zithunzi), zonse zabwerera, ati noise (timadontho ngati mchenga pachithunzi) ndi artifacts (zilema zobwera pokonza kapena pofinya chithunzi). Noise imachuluka ISO ikakwera, ndiye yachokera kuti pa ISO 100?? Anthuwa ndawalipira kale, ma release (mapepala ololeza kugulitsa zithunzi zawo) asayina. Vuto lili pati?

Madala a ku Zomba: Kamera yanji? Ngati ndi crop sensor (ya sensor yaing'ono) musavutike, gulani full frame (ya sensor yaikulu) basi.

Studio ya ku Ndirande: Canon 80D madala. Ndalama ya full frame ndiitenga kuti?

Asisi a Area 25: Achimwene, ma shadows (malo a mdima) munawakweza bwanji mu Lightroom pokonza zithunzizo? Ndikufunsa chifukwa nsalu yoyera imanamiza. Histogram (girafu yoonetsa kuwala) imathamangira kumanja, inu n'kumati kuwala kwakwana, pomwe nkhope ya munthu wakuda yatsalira mumdima. Mukaikoka pa kompyuta, noise imatulukira m'masaya, pansi pa chibwano ndi m'khosi, ngakhale pa ISO 100. Kuwala muziyezera patsaya, nsalu ibwere pambuyo. Softbox isendezeni pafupi, reflector pansi pa chibwano, munthuyo atalikire nsalu mamita awiri kuti kuwala kwa kumbuyo kusadye tsitsi ndi mapewa. Nsalu ipose nkhope ndi stop imodzi (kuwala kowirikiza kawiri), osapitirira. Ndipo musanatumize onani pa 100%, owunika a ku stock amaonera pomwepo.

Madala a ku Zomba: Zonsezo n'zoona koma sensor yaing'ono ndi yaing'ono. Ine chigulireni full frame sanandikanepo za noise.

Asisi a Area 25: Madala, Shutterstock ndi Adobe Stock onse amayambira pa 4 megapixels. 80D ili ndi 24. Amalandira ngakhale za pa foni zikakhala zoyera.

Wa Maukwati Mzuzu: Chenjeraninso ndi kusalaza khungu. Ife a maukwati tinazolowera kuti mkwatibwi amafuna nkhope yosalala ngati ya chidole, koma ku stock amazitcha artifacts zimenezo. Timabowo ta pakhungu tizioneka. Mafuta a pamphumi pukutani ndi tishu musanajambule, osati kukalimbana nawo pa kompyuta. Komanso fayilo isadutse pa WhatsApp, imafinyidwa. JPEG ya quality yapamwamba, sRGB, kuchoka pa laputopu kupita komweko.

Mlongo wa ku Joni: Noise mukonza, koma mayi wa tomatoyo wavala chitenje chanji? Ine anandibwezera seti yonse chifukwa chitenje chinali cha msonkhano wa mpingo, chizindikiro ndi malemba zili mbee pachifuwa. Za chipani zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri ndiye musayese n'komwe. Anyamata a ofesiwo aonetsetseni kalogo ka pathumba la shati, lamba, wotchi, ngakhale kumbuyo kwa foni ali nayo m'manja.

Wa Maukwati Mzuzu: Pa release pomwepo ndiikepo mawu. Kusayina kokha sikokwanira, muwafotokozere m'Chichewa chomveka. Mnzathu wina anajambula mtsikana akuwerenga ndalama akumwetulira, kampani ina ya ngongole inagula chithunzicho n'kuchiika pa chikwangwani. Amalume ake anafika pa studio m'mawa, ati mwana wathu mwamusandutsa wa katapila, kumudzi akumunena. Pepala linalipo, koma mtsikanayo ankaganiza kuti ndi za pa Facebook ya studio. Anakambirana tsiku lonse. Wogula simumusankha inu, mawa nkhope yomweyo itha kukhala pa uthenga wa matenda. Mayi wa geniyo akudziwa zimenezi? Ndipo akakhala mwana wosakwana zaka 18, asayine ndi kholo.

Madala a ku Zomba: Ine ndanena kale. Mukonza magetsi, mukonza chitenje, mubweranso pano ndi nkhani yomweyi. Full frame.

Asisi a Area 25: Achimwene a ku Ndirande, tiponyereni crop ya 100% ya patsaya, RAW musanaigwire, tione tonse.

Mlongo wa ku Joni: Ndifunseko, inu muli kumudziko ndalama za stock mukulandirira pa Payoneer? Mng'ono wanga ku Lilongwe akufuna kuyamba.