Kodi tisankhe Mastodon kapena Bluesky potengera kayankhulidwe ka opanga ake?

Anzanga odziwa za mapulogalamu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu la achinyamata likufuna kuchoka pa X kupita pa tsamba lina la mchezo, koma tagawanika pakati pa ma protocol awiri (malamulo omwe mapulogalamu amatsata polumikizana): ActivityPub, yomwe Mastodon imagwiritsa ntchito, ndi AT Protocol ya Bluesky. Wina akukokera ku protocol inanso yotchedwa Nostr, koma ameneyo ali yekhayekha.

Chikundizunguza mutu ndi mmene opanga zinthuzi amayankhulira ndi anthu. ActivityPub inavomerezedwa ndi W3C, bungwe lokhazikitsa miyezo ya pa intaneti, mu 2018 ndipo ilibe mwini mmodzi, choncho zosintha zimakambidwa poyera, nthawi zina kwa zaka. Taonani nkhani yotenga positi ya mnzako n'kuikapo ndemanga yako pamwamba: Eugen Rochko, yemwe anayambitsa Mastodon, anaikana kalekale ponena kuti imalimbikitsa kunyozana, ndipo Mastodon inadzailola mu 2025. Bluesky ndi kampani, ikaganiza chinthu imangolengeza n'kuchitulutsa. Itatsegulira aliyense zitseko mu Febuluwale 2024, anthu anakhamukirako.

Mwezi womwewo, wopanga Bridgy Fed, yolumikiza mbali ziwirizi, anakalipiridwa koopsa ndi ogwiritsa ntchito Mastodon chifukwa chofuna kulumikiza anthu osayamba wawapempha, mpaka anasintha maganizo. Ine ndimaona ngati ukali wotere umathawitsa obwera kumene, ngakhale odandaulawo anali ndi mfundo yomveka.

Inu amene munalembapo pulogalamu pa ma protocol amenewa, mukafunsa funso la munthu wongoyamba kumene amakuyankhani bwanji? Kodi zimenezi n'zokwanira kuti tisankhirepo, kapena tingotsata komwe kuli anthu ambiri?